Liwu Limodzi pa Chimbale cha Grayson

1

Mukadzamva nyimbo yotchedwa "Ndisakufuna" ikulira m'galimoto langa, dziwani kuti waiika ndi pasinjala, osati ine. Ine ndikaimva, malovu amadzaza m'kamwa ngati ndameza ntchentche yakuchimbudzi, ndipo ndimatsitsa galasi ngakhale kunja kukuotcha ngati uvuni.

Dzina langa ndi Shaibu, kwathu ndi ku Ntaja, ntchito yanga ndi udalaivala muno mu Doha. Sukulu ndinalekera Folomu 2. Si umbuli ayi, kungoti ine ndi aphunzitsi tinkasiyana maganizo pa nkhani ya amene ayenera kulankhula m'kalasi. Zotsalazo ndinaphunzira pamsewu. Ndimatukwana m'Chiarabu, ndimanenerera mtengo m'Chihindi, ndimapepesa apolisi m'Chingerezi. Mwachidule, ndine munthu wodziwa zinthu. Mawu amenewo muwasunge, mudzandigenda nawo kumapeto.

Nyimbo ndikunenayi ndi yachitatu pa chimbale cha Grayson, amene anali mnzanga. Gitala ndi yake, kukhosi ndi kwake. Koma zimene akuyimbazo anachita kupatsidwa ndi ine. Kumene ndinazitenga ndikuuzani. Musandikankhe, sitili padepoti.

2

Grayson ndi wa ku Mponela. Tinadziwana m'ndege mu 2018, pamene ankalimbana ndi lamba wapampando ngati akumanga mbuzi. Chimunthu chachitali, chamanyazi, nkhope yoti mwana wolira akaiona amatonthola ndi mantha. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Mnzangayu anamvera malangizowo mpaka kupitirira.

Ntchito yake inali yaulonda, kuyang'anira magalimoto a eni pansi pa chinyumba china chagalasi. Kumeneko, poti munthu umangoima ngati mtengo wamagetsi, anayamba kumvera blues pafoni, nyimbo zija za anthu akuda a ku America zolira ngati ng'ombe yotsala yokha m'khola. Anagula gitala yakale kwa Msudani wina, n'kuyamba kuikanda ndi khosi la botolo. Ndisaname, zala za Grayson zinali ndi mankhwala. Akakoka nsambo imodzi, umakumbukira anthu amene unawakwirira kalekale.

Mkazi wake, Eveless, anabwera patatha chaka. Ntchito ndinamupezera ndine, yam'nyumba, pa villa ya ku Al Duhail pamene ineyo ndinali dalaivala. Mayi wamfupi, wosachulutsa mawu. Amayi ake ndi a ku Nsanje, koma iye anakulira ku Bangwe, ndipo Chichewa chake chinali chowongoka ngati cha wowerenga nkhani pawailesi. Lachisanu lililonse ankakumana ndi mwamuna wake, kumwa tiyi wamkaka wotchedwa karaki, kuyenda m'mbali mwa msewu ngati ana asukulu. Ukwati wa ku Qatar ndi umenewo: tsiku limodzi pa sabata, manja m'thumba.

Kenako kunabwera corona. Madamu, mkazi wa bwana wathu, anatseka geti ndi liwu lake lija la Chiarabu, mafi, kutanthauza kuti palibe.

"Mafi going out! Mafi husband! Corona!"

Miyezi isanu ndi umodzi osaonana. Wotuluka panyumbapo ndinali ine ndekha, wokagula zinthu. Ndiye ndinasanduka mlatho. Grayson ankandidikira pakona ku Bin Omran, mask kumaso, kajumbo m'manja: mafuta odzola, chitenje, tsiku lina mpaka usipa umene sindidziwa anaupeza kuti.

"Aise," ankatero, "undiyang'anire mkazi wanga. Kuno kulibe ankhoswe, nkhoswe ndiwe."

Pa milandu yonse imene ndingaimbidwe, palibe anganene kuti sindinamuyang'anire.

Mu Ogasiti matenda aja anandipeza. Ehteraz, kapulogalamu kaboma kolondola odwala corona pafoni, inasanduka yofiira, ananditengera kumalo obindikiritsa odwala, masabata awiri. Ndinatulukako nditachira chifuwa koma mtima utawola. Mwamwayi lamulo linali litangosintha, munthu ukanatha kusiya bwana popanda kumugwadira kuti akupatse kalata yokumasula ya NOC. Ndinapereka notisi, ndinalowa kampani ya ma-limousine, amene ndi matakisi a kuno, ndipo bedi lopanda munthu ndinalipeza m'chipinda cha Grayson.

3

M'chipindamo tinalimo amuna asanu ndi atatu ndi fungo la masokosi a mayiko anayi. Grayson ndinamupeza ali ndi maloto.

"Aise, hotela ina ikufuna woyimba pa brunch, madyerero aja a masana a Lachisanu, koma akuti ndibweretse chimbale, amve kaye. Ndikalowa kumeneko, amapereka chipinda cha anthu apabanja. Eveless ndimutulutsa kwa madamu uja. Ndatopa kukwatira pa WhatsApp."

Nkhani yonse inali imeneyo. Sankafuna kutchuka. Ankafuna chitseko choti atseke ali ndi mkazi wake mkati.

"Tayimba ndimve," ndinatero.

Gitala inalira, tsitsi langa linaima. Kenako anatsegula pakamwa: "Pasipoti yanga, pasipoti yanga, uli kuti pasipoti yanga..."

"Ima, ima! Ukuyimba kapena ukupereka lipoti ku embase?"

"Mawu ndiye amandivuta, aise."

"Akukuvutadi. Blues imafuna mkazi. Popanda mkazi ndi kudandaula chabe, ndipo kudandaula aliyense m'chipinda muno amatha."

Mawa lake ndinamupatsa pepala. Analiwerenga milomo ikugwedera.

*Ndasita mikanjo ya eni mpaka manja atuwa,*
*zenera langa limaona thanki yamadzi basi.*
*Ukaliza hutala pageti, simbi imapsereza kolala.*
*Iwe wagalimoto iwe, ndisakufuna.*

"Walemba ndiwe zimenezi?"

"Ukuona wina?"

"Koma ngati akulankhula Eveless."

"Nanga si ndinkawaona alamu mmene ankavutikira. Wolemba ndi maso."

Analoza liwu lomaliza ndi chala chake chonga chinangwa. "Nanga ichi ndi Chichewa chanji? Bwenzi utati sindikufuna."

"Iwe, blues silemekeza galamala. Ukufuna nyimbo kapena mayeso a Sitandade 8? Liwu limenelo ulilavule. Uliyimbe ngati ukuthamangitsa galu."

Kenako nkhope ija inawala mpaka kutsala pang'ono kukongola.

"Ndamva! Ndi mkazi wokhulupirika. Amuna a magalimoto akumunyengerera, iye akukana. Aise, nyimbo iyi ndi ya mkazi wanga! Usamuuze, adzaimve patsiku lake."

"Pakamwa panga ndi pamanda," ndinatero. Ndinamupatsa mapepala ena asanu ndi awiri sabata yomweyo. Anadabwa kuti dalaivala nzeru zotere wazitenga kuti. Ndinati patrafiki munthu amaganiza.

4

Wojambula anali Mfilipino wina amene kale ankasamalira zokuzira mawu ku hotela, corona isanamukhazike pansi. Tinkangomuti Kabayani, monga Afilipino onse amatchulidwira kuno. Anabwera ndi laputopu, maikolofoni imodzi ndi chikhulupiriro.

Situdiyo inali wadirobu. Tinatulutsa mayunifomu onse, tinakhoma mabulangete mkati, tinaimika matiresi pakhomo. Grayson ankakhala pa ndowa yovundikira, mawondo kukhosi, mutu pakati pa mahang'ala. Tinkajambula Lachisanu masana, anzathu ena atapita kumzikiti ku Jumu'a. Ine ndiye swala zinandidutsa zingapo, Allah andikhululukire, ngakhale kuti pa mndandanda wa zoti andikhululukire zimenezi zili kumunsi kwenikweni.

Vuto linali AC, chimakina choziziritsa chipinda. Inkalira ngati chigayo. Tikaizimitsa, pakatha mphindi zitatu Grayson ankatuluka m'wadirobu ali chinyezi ngati wabatizidwa kumene.

"Leave it, brother," anatero Kabayani. "Atmosphere."

Tinaisiya. Pa nyimbo yachisanu, Mnepali wa bedi lapamwamba, amene tinkayesa wagona, anatsokomola katatu. Kabayani anati nayonso ndi atmosphere.

Nyimbo yachitatu tinaibwereza kasanu ndi kawiri. Ine ndinaima pakhomo pa wadirobu ngati kochi wampira.

"Ukunyengerera! Kwiya! Ganiza kuti munthu wagalimotoyo ali pomwe pano!"

"Ndikamuganiza ndimafuna kumupotokola khosi, aise."

"Eya, yimba zimenezo."

Anayimba. Liwu lija linatuluka ngati chikhakhala cholavulira kumaso. Kabayani, wosamva ngakhale "moni", anapukuta misozi.

"Who hurt him?"

"Life," ndinayankha. Ndinapita kubafa kukaseka. Inde, kukaseka. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene mukumuwerengayu.

Chimbalecho tinachitcha *Mchenga Sudyeka*. Pachikuto Grayson anaumirira kuti palembedwe: "Gitala ndi kuyimba: Grayson. Mawu: Shaibu." Munthu woona mtima amatopetsa.

5

Chinatuluka pa intaneti mu Epulo 2021. Lachisanu limenelo madamu anamulola Eveless kutuluka maola anayi. Tinakumana pa kamalo ka tiyi ku Bin Omran, titatalikirana monga mwa lamulo. Ine ndi iye tinali tisanaonane chichokereni ine ku Al Duhail.

"Muli bwanji, alamu?" ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Tilipo. Timayesa munamwalira."

"Ayi, ndinangosintha kampani."

Grayson sanamve kanthu, anali kalikiliki ndi mawaya. Anamuveka mkazi wake mahedifoni ngati akumuveka mphete. "Iyi ndi yako, mayi. Ndakuyimbira iwe."

Ndinkamuyang'ana pamwamba pa kapu. Mzere woyamba, anakwinya pachipumi. Wachiwiri, dzanja linapita pakamwa. Pa hutala, anatseka maso. Liwu lomaliza litalavulidwa, anavula mahedifoni pang'onopang'ono, n'kuwaika patebulo ngati mazira.

"Analemba ndani?"

"Shaibu! Ukanaganiza?"

"Ayi," anatero Eveless. "Sindikanaganiza." Anaimirira. "Madamu akuimba."

Foni yake inali chafufumimba patebulo, zii.

"Yamukhudza," Grayson anandinong'oneza, misozi ili lengelenge. Ine karaki uja ndinamumaliza, ndipo anandikomera.

Kenako kunabwera oweruza nyimbo, mtundu wa anthu amene sanagwirepo gitala koma amadziwa mmene iyenera kulirira. A kwathu pa Facebook anayamba: "Beat yake ili kuti?" "Zapamaliro izi." "Achimwene, ndi mawu amenewo bwanji osangoyimba gospel?"

Koma mzungu wina wolemba m'magazini ya anthu odya m'mahotela muno mu Doha anachigwira chimbalecho ngati wapeza mafuta pansi. Masamba awiri! Kabayani anatiwerengera. Akuti kulira kwapansipansi komveka m'nyimbo zonse ndi chida chamakolo cha ku Malawi, chimene mwina amachiimba pokumbukira mizimu. AC imeneyo, abale. Akuti chifuwa cha pa nyimbo yachisanu ndi mpweya wa Africa yovulala. Mnepali. Za nyimbo yachitatu anati safuna womasulira, chidani chimamveka m'chilankhulo chilichonse. Anatipatsa nyenyezi zinayi, ngati hotela.

Munthu ameneyu sanafunse n'komwe kuti timagona angati m'chipinda. Umphawi wathu anaunyambita ngati ayisikilimu. Ndinanyansidwa, komabe magaziniyo ndinaitengera ku hotela ija ndekha, ndipo manijala anati Grayson abwere adzayesedwe.

6

Patatha masabata atatu, Lachisanu m'mawa, Grayson anadumpha pabedi foni ili m'manja.

"Aise! A Zuze alemba!"

A Zuze ndi mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Nsanje, amene amaunika nyimbo patsamba lina la pa intaneti lowerengedwa kwambiri kumudzi. Oyimba amawaopa kuposa landilodi. Grayson anaima pakati pa chipinda, atavala kabudula yekha, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"'Mnyamatayu gitala amaidziwa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikumvera ana athu akukanda nsambo, koma uyu amazilankhulitsa.' Wamva, aise? 'Chigayo chikulira kumbuyocho achikonze, ndipo wachifuwayo apite kuchipatala.'"

Tinaseka tonse. Anapitiriza.

"'Koma pa nyimbo yachitatu ndaseka mpaka adzukulu anabwera kudzandiona. Woyimbayu akulavula liwu lakuti ndisakufuna ngati akutemberera mfiti. Mzungu wina walembanso kuti ndi nyimbo yachidani. Abale, kufunsa si kupusa. Limeneli si liwu la Chichewa chothyoka. Ndi Chisena chabwinobwino. Kwathu kuno kachidutswa kakuti sa sikakana ngati m'Chichewa, kamanena chinthu chochitika masiku onse. Ndisadya, ndiye kuti ndimadya. Ndisakufuna, ndiye kuti...'"

Anaima. Anayandikitsa foni kumaso.

"Tamaliza," ndinatero, koma mawu anga anatuluka ngati a nkhuku yonyowa.

"'...ndiye kuti ndimakukonda. Ndipo si liwu lotchipa. Mkazi wa kwathu salitaya pamsewu. Pachikuto alemba dzina la mwamuna, koma ine ndikuti mawu awa ndi a mkazi, mwana wa Msena, ndipo wafa nacho chikondi cha woliza hutala pagetiyo. N'chifukwa chake kolala ikupserera. Woyimbayu ali ngati munthu amene watola kalata yachikondi ya mwini, n'kumaiwerenga pamsika mokalipa poyesa ndi samani yakukhoti.'"



Grayson anakhala pabedi. Anayang'ana foni, anayang'ana makiyi a galimoto amene ndinapachika pamsomali, kenako anayang'ana ine.

"Shaibu. Iwe ndiwe wa ku Ntaja. Chisena unachiphunzira kuti?"

Koma ine sindinkamumva. M'mutu mwanga munkangolira mawu awiri: ndimakukonda, ndimakukonda.

7

Tsopano ndikuuzeni kumene ndinatenga mawu aja.

Ku Al Duhail kunali lamulo: dalaivala ndi wantchito wam'nyumba asalankhulane. Makamera paliponse. Ndiye mndandanda wa zogula Eveless ankanditumizira pafoni. Anyezi, sopo, chakudya cha mphaka. Ine, poti pakamwa panga sipakhala chete, ndinkayankha ndi nthabwala. Tsiku lina anatumiza kankhope koseka. Tsiku lina anafunsa ngati ndadya. Kenako mauthenga anayamba kutalika, opanda anyezi. Ankandiuza za mikanjo ya bwana, za zenera lake loona thanki yokha, za kolala imene anapsereza atamva hutala yanga pageti. Mayi wosalankhula uja, pafoni anali mtsinje.

Masana ena a mu Juni banja lonse linapita kufamu kwawo. Ine ndinkadziwa ngodya imene kamera siona. Zotsalazo ndinu akuluakulu. Mawa lake ndinakatenga kajumbo kwa Grayson, ndipo ndinamuuza kuti alamu ali bwino, asadandaule.

Ndili ku quarantine, thupi likutentha, nsanje inandikwera. Ndinamulembera kuti: "Ndatopa kugawana. Ine kapena mlonda wakoyo. Uyankhe ndi liwu limodzi."

Anakhala tsiku lathunthu. Kenako linabwera liwu limodzi, monga ndinalamulira.

*Ndisakufuna.*

Ndinaliyang'ana. Ndinati, ha, mpaka chala chikunjenjemera polemba "sindikufuna"! Ine Shaibu, wodziwa zilankhulo, kukanidwa ndi sipelo yolakwika! Sindinafunse. Munthu wodziwa zinthu safunsa. Ndinamubuloka pomwepo, WhatsApp, foni, zonse. Nditabwerera ku villa kukagwira masiku a notisi, ndinkatembenuka ndikamuona pazenera.

Koma mauthenga ake sindinafufute. Ndipo Grayson atandiuza kuti mawu amamuvuta, satana anandikhala paphewa ngati pasinjala wa kabaza. Ndinati mayi ameneyu wasankha mwamuna wake? Chabwino. Amve zinsinsi zake zikutuluka pakamwa pa mwamuna wakeyo, dziko lonse likuomba m'manja, iye osatha kunena kanthu. Nyimbo zonse zisanu ndi zitatu ndi mauthenga a Eveless. Changa ine m'chimbale chonsecho ndi "iwe wagalimoto iwe" basi.

8

Grayson sanandimenye. Bola akanandimenya. Anaimba foni, n'kuiika pa loud, n'kuikhazika pa gitala.

"Halo, a Grayson? Ndili kukhitchini, nenani msanga."

"Eveless, ndifunse kanthu kamodzi. Kwa amayi ako, ndisakufuna ndiye kuti chiyani?"

Tinamva madzi akutsekedwa pampopi. 

"Ndiye kuti ndimakukonda."

"Zaka zisanu ndi ziwiri tili pabanja. Unandiuzapo ine liwu limeneli?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ayi, a Grayson. Pepani."

"Unauza ndani?"

"Funsani amene akupuma pambali panuyo. Ndikumumva."

Foni inaduka. Grayson anakhala akuyang'ana nsambo za gitala ngati akuziwerenga.

"Aise," ndinayamba, "nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri..."

"Usanditchule aise." Sanakweze mawu. "Unaima pakhomo pa wadirobu iyo. Unati ndiganize kuti munthu wagalimotoyo ali pomwe pano."

"Inali nthabwala chabe..."

"Kasanu ndi kawiri. Ndinakuyimbira kalata yako kasanu ndi kawiri, iwe ukundiuza kuti sindinakwiye mokwanira." Anaimirira, anatenga makiyi anga pamsomali, n'kundiika m'manja mwaulemu ngati akupereka chopereka. "Pita ukalize hutala kwina."

9

Ankhoswe enieni anakambirana pa gulu la WhatsApp, ena ali ku Mponela, ena ku Bangwe. Ukwati unatha ndi ma-voice note. Eveless anagwiritsa lamulo latsopano lija, anachoka kwa madamu yekha popanda womutulutsa, n'kulowa ntchito yochapa ku hotela ina.

Ine, poti manyazi ndinabadwa opanda, ndinamutsegula pafoni, ndinafufuza kumene amakhala, ndipo masana ena ndinakamudikira pamalo okwerera basi ku Al Khulaifat. Ndinavala shati yatsopano. Ndinali nditaloweza ngakhale liwu lija, kuti ndimubwezere m'chilankhulo cha amayi ake.

"Eve, ndinalakwitsa kuwerenga. Koma tsopano tonse ndife omasuka. Inenso ndisaku..."

"Musalitchule. Mungalidetse kawiri." Anakonza chikwama paphewa. "Tsiku lonse ndinakhala ndikufuna liwu loti ndikuyankheni. La Chichewa ndinaliona lotha ntchito, ndinalinena kale kutchalitchi kwa munthu wina. Ndinatenga limene amayi anga ankawauza bambo anga akudwala. Ndinali ndisanalipatsepo munthu."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji?"

"Mukanafunsa. Mumadziwa kunena 'tsitsani mtengo' m'zilankhulo zinayi, a Shaibu. 'Ukutanthauza chiyani' yokha ndiye inakukanikani? Ndipo tinene kuti ndinakukanani zoona. Munthu akakukana, umatenga za mumtima mwake n'kukazipachika pamsika?"

Basi inafika. Anakwera sitepe imodzi, n'kutembenuka.

"Lero ndikuuzani m'Chichewa cha pawailesi, kuti musavutike kufuna a Zuze. Sindikukufunani."

Sipelo yake inali yolondola.

Grayson ntchito ya ku hotela anaipeza. Chipinda cha anthu apabanja anamupatsa, amagonamo ndi gitala. Nkhani ya a Zuze itamasuliridwa, mzungu uja analembanso kuti iye anazimva kale kuti pansi pa chidanicho pali chikondi, n'kuwonjezera nyenyezi yachisanu. Tsopano Lachisanu lililonse masana anthu okhuta nkhanu amaitanitsa nyimbo yachitatu. Amuna amaipempha kuti iyimbidwire akazi awo pa anivesale. Manijala anailemba mu kontirakiti. Ndinamuonapo kamodzi kudzera pagalasi, nditatsitsa pasinjala: chimunthu chija chitatseka maso, chikuyimba liwu lija mofatsa, mmene mwini wake analilembera. Anthu ankaomba m'manja pakamwa pali mafuta. Ndinakasanza kuseri kwa galimoto.

Inu owerenga, ndikudziwa mwambi umene uli pamilomo panu, wa safunsa uja amene anadya phula. Usungeni, ndi wochepa. Amene uja phula analidya yekha. Ine ndinaliphika, ndinagawira mnzanga, ndinagawira mkazi amene anandikonda, ndipo lotsala likugulitsidwa pa brunch. Musandimvere chisoni, ndipo musanditumizire mavesi. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono. Munthu wanu akakutumizirani liwu limene simukulimva, makamaka usiku wa mkwiyo wanu usanathe, musathamangire kubuloka ngati ine wodziwa zinthu. Muimbireni, mufunse ngati mwana wa Sitandade 1. Ndipo mukakwera galimoto loyera la limousine muno mu Doha, dalaivala wake wolankhulalankhula atangoti zii nyimbo ina itayamba, chonde, ikani ina. Ngakhale ya pasipoti ija.